Ulendo wautali pa business class: gulani tulo, musagule dzina

Munthu akalipira business class, kalasi yodula ya m'ndege, pa ulendo wa maola 12, chimene wagula kwenikweni ndi tulo. Shampeni, mbale zadothi, kachikwama ka masokosi ndi mafuta odzola, zonsezo n'zongokometsera. Anthu amene ndege inasanduka nyumba yawo yachiwiri, sabata ino ali ku Singapore, sabata yamawa ku Frankfurt, amayeza ulendo ndi funso limodzi: kodi ndatsika ndili munthu woti n'kulowa mumsonkhano, kapena ndatsika mutu ukulemera ngati mwala? Malangizowa ndawayala motsatira funso limenelo, kuyambira tsiku loganiza zogula tikiti mpaka mapointi, amene makampani a ndege amapatsa okwera kuti adzagulire matikiti ena, atalowa mu akaunti.

1. Yambani mwawerenga maola a usiku

Si ulendo wautali uliwonse umene umafuna bedi. Tengani wochoka ku New York kupita ku London. Ndege zambiri zimanyamuka madzulo ndipo zimakhala m'mwamba maola pafupifupi 7. Mukachotsapo nthawi yonyamuka, yodya ndi yokonzekera kutera, mumatsala ndi maola 4 kapena 5. Pamenepo bedi ndi lofunikadi, chifukwa mukamatera kumakhala kutacha ndipo ntchito ikukudikirani. Pobwerera n'zosiyana. Ndege zambiri zochoka ku London kupita ku New York zimauluka masana, ndiye chimene mukufuna ndi potambasulira miyendo ndi poika laputopu basi. Premium economy, kalasi ya pakati pa business ndi economy (yotsika mtengo kwambiri ija), imakwana. Makampani ambiri amalola kusakaniza makalasi pa tikiti imodzi, choncho ndalama zikakhala zoperewera, bedi liikeni pa ulendo wa usiku.

Maulendo otalikitsitsa ali ndi nkhani yawoyawo. Wa Singapore Airlines wochoka ku Singapore kupita ku New York ndi wa makilomita oposa 15,000 ndipo umatenga maola 18 kapena kuposerapo. Airbus A350-900ULR imene anaikonzera maulendo otere ilibe n'komwe economy wamba. Wa Qantas wa Perth ndi London, umene unayamba mu 2018, umatenga maola pafupifupi 17. Pa maulendo oterewa usiku umakupezani basi, kaya munyamuke nthawi yanji.

2. Funsani za ndegeyo, osati dzina la kalasi

Apa ndi pamene ambiri amagwira fuwa la moto. Mawu oti business class sakuuzani chimene mukachipeze. British Airways itabweretsa mpando wosanduka bedi lathyathyathya mu business class mu 2000, makampani ena anatsatira, koma aliyense pa liwiro lake. Mpaka lero kampani imodzi imatha kukhala ndi mipando ya mitundu itatu kapena inayi, yonse pa dzina limodzi ndi mtengo umodzi. Chithunzi chotsatsira malonda chimakhala cha mpando watsopano kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanalipire, tsegulani mapu a mipando ya ulendo weniweniwo, wa tsiku lenilenilo. Mukaona mipando itayalidwa 1-2-1 (umodzi kuwindo, iwiri pakati, umodzi kuwindo lina), ndiye kuti aliyense ali ndi njira yakeyake yotulukira, sadumpha mnzake. Mukaona 2-2-2, wa pawindo ayenera kulumpha miyendo ya munthu wogona akafuna kupita kuchimbudzi. Palinso ndege zina zakale za 2-3-2, kumene munthu amalipira ndalama zonsezo n'kukhala pakati pa anthu awiri osawadziwa. Fufuzaninso ngati mpandowo umagona mosalala kapena umangopendekeka. Wopendekeka uja umaoneka ngati bedi, koma usiku wonse mumangotsetserekera kumapazi n'kumadzikokera m'mwamba.

Ngakhale mipando yotchuka sipezeka paliponse. Qsuite, business class ya Qatar Airways ya mipando ya kachitseko kotseka, inayamba mu 2017, koma si ndege zonse za kampaniyo zimene zili nayo. Ngati mukuifuna, mapu a mipando ndi amene angakuuzeni zoona.

Werenganinso timawu tating'ono tonena kampani imene ikuyendetsa ndegeyo. Tikiti mungagule kwa kampani iyi, nambala ya ulendo n'kukhala yake, koma ndege, mpando ndi chakudya n'kukhala za kampani inzake imene amagwirizana nayo. Ndipo ngati ulendo wanu uli ndi kagawo kakafupi mkati mwa Europe, musayembekezere zambiri: business class ya kumeneko kawirikawiri ndi mpando wa economy womwewo, kungoti wapakati amausiya wopanda munthu.

Mtundu wa ndege umakhudzanso thupi. M'ndege zakale zambiri, mpweya wa m'kati umakhala ngati wa pamwamba pa phiri la mamita pafupifupi 2,400. Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, ndi Airbus A350, ya mu 2015, zimausunga ngati wa pa mamita pafupifupi 1,800, ndipo suuma kwambiri. Pa maola atatu simungamve kusiyana. Pa maola 14 pakhosi ndi m'maso zimakuuzani. Mipando ikafanana, ine ndimasankha ziwirizi.

Nanga first class, kalasi yoposa business? Makampani ambiri anaichotsa chifukwa business inafika poifanana. Kumene idakalipo n'kosangalatsa ndithu: ndege ya A380 ya Emirates ili ndi bafa losambiramo m'mwamba, ndipo Lufthansa ili ndi nyumba yapadera ku Frankfurt kumene amakutengani pa galimoto mpaka pandege. Ngati mapointi alipo, kalaweni kamodzi. Koma bedi ndi bedi. Kusiyana kwa economy ndi business n'kwakukulu kuposa kwa business ndi first.

3. Mukamagula ndi ndalama, yang'anani chilembo cha tikiti

Tikiti iliyonse ili ndi chilembo chimodzi chosonyeza gulu la mtengo wake. Mu business, J ndi C nthawi zambiri ndi zodula zimene mungasinthe kapena kubweza mosavuta, pamene zilembo monga D, Z ndi P zimakhala zotsikirapo mtengo, za malamulo okhwima. Makampani amasiyana kagwiritsidwe ntchito kake, koma chilembocho ndi chimene chimanena kuchuluka kwa mapointi amene mupate, ndalama zosinthira tsiku, komanso ngati mungakwezedwe kalasi. Masiku ano kulinso matikiti a business otsika mtengo amene anachotsamo zina. Emirates, Qatar Airways ndi Finnair ali nawo. Bedi ndi lomwelo, koma mwina lounge (chipinda chapadera chodikirira ndege, chodyeramo ndi kupumuliramo) mulibe, kapena kusankhiratu mpando n'kolipira padera. Ngati status yanu (udindo umene kampani imapatsa okwera pafupipafupi) imakulowetsani kale mu lounge, tikiti yotere ndi phindu lokhalokha. Ngati mulibe, werengerani bwino.

Mtengo umasinthanso malinga ndi kumene ulendo wayambira. Dziko la UK lili ndi msonkho wa anthu onyamuka pa mabwalo ake a ndege, ndipo umakwera kwambiri kwa okwera makalasi apamwamba pa maulendo aatali. Komanso makampani amatsitsa mitengo m'mizinda imene akulimbirana makasitomala. N'chifukwa chake anthu ena amayambira ulendo ku Dublin kapena ku Oslo m'malo mwa London. Njirayi imagwira ntchito, koma ili ndi misampha iwiri. Mukalumpha gawo loyamba la tikiti poganiza kuti mukangokwerera pakati, kampani imafafaniza magawo onse otsala. Ndipo ngati mwagula tikiti ina yapadera yokafikira kumene ulendo ukuyambira, ndege yoyambayo ikachedwa palibe amene angakumvereni chisoni. Siyani mpata waukulu, ngakhale usiku wathunthu.

4. Sankhani pulogalamu imodzi ya mapointi, muikakamire

Migwirizano ikuluikulu ya makampani a ndege ilipo itatu. Star Alliance inayamba mu 1997 ndipo muli Lufthansa, United, Singapore Airlines, Turkish Airlines, Ethiopian Airlines ndi ena. Oneworld inayamba mu 1999, muli British Airways, American Airlines, Cathay Pacific, Qantas ndi Qatar Airways. SkyTeam inabwera mu 2000, muli Air France, KLM, Delta, Korean Air ndi Kenya Airways. Emirates sili mu uliwonse mwa itatuyi.

Cholakwa cha ongoyamba ndi kutsegula akaunti ku kampani iliyonse imene akwera. Mapeto ake amakhala ndi timapointi tomwazikana m'malo asanu, tosagula kanthu. Mkati mwa mgwirizano umodzi mungakwere ndege ya kampani iyi koma mapointi n'kulembetsa ku pulogalamu ya kampani ina. Onani njira zimene mumadutsa kawirikawiri, sankhani pulogalamu imodzi mumgwirizano umenewo, ndipo nambala yake muziiika pa tikiti iliyonse.

Siyanitsaninso zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Pali mapointi ogulira matikiti, ndipo pali ena okukwezani status. Ma status monga Star Alliance Gold, oneworld Sapphire ndi SkyTeam Elite Plus amakupatsani lounge, katundu woonjezera ndi mzere wachangu ngakhale tsiku limene mwakwera economy. Oneworld Emerald imakulowetsani m'ma lounge ambiri a first class. Kwa munthu amene kampani yake imamulipirira business nthawi zonse, status siwonjezera zambiri pa tsiku labwino. Imaoneka phindu lake tsiku limene ndege zasokonekera ndipo anthu mazana akulimbirana mipando yochepa. Dziwaninso kuti kawerengedwe kanasintha. Kuyambira 2015 Delta ndi United anayamba kupereka mapointi potengera ndalama zimene walipira osati mtunda umene wauluka, ndipo makampani ambiri anatsatira.

Pogula tikiti ndi mapointi, nthawi ndiyo nkhani. Makampani ambiri amatsegula matikiti kutatsala masiku pakati pa 330 ndi 360. British Airways imatsegula kutatsala masiku 355. Mipando ya business yogulika ndi mapointi imakhala yochepa, ndipo imapezeka kwambiri pa nthawi ziwiri: atangotsegula kumene, ndi m'masabata awiri omalizira, kampani ikaona kuti mipando ina siigulitsa. Pakati apa n'kuchipululu. Mukasinthako tsiku limodzi kapena awiri, kapena kudzera mzinda wina, mwayi umakula.

Musaiwale kuti tikiti ya mapointi si yaulere. Makampani ena, monga British Airways ndi Lufthansa, amaikapo ndalama zoonjezera zambiri ndithu. Koma mpando womwewo wa Lufthansa mukaugula kudzera ku pulogalamu ya United kapena Aeroplan ya Air Canada, ndalama zoonjezerazo simulipira. Mapointi otchedwa Avios nawo amagwira ntchito ku British Airways, Iberia, Aer Lingus, Qatar Airways ndi Finnair, ndipo mungawasamutse pakati pa maakauntiwa n'kugulira kumene kukutchipa. Chimodzi chokha: musawasunge ngati chuma cha ana. Makampani amakweza mitengo ya mapointi nthawi iliyonse imene afuna, nthawi zina osachenjeza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

5. Za kukwezedwa kalasi

Nkhani yoti ukavala suti n'kumwetulira pa kauntala akukweza ulere ndi nthano. Kukwezedwa kwaulere kumachitika economy ikadzaza mopitirira, ndipo kompyuta ndi imene imasankha potengera status ndi chilembo cha tikiti. Njira zodalirika ndi zolipira. Makampani ambiri amatumiza imelo masiku angapo ulendo usanachitike yokupemphani kutchula mtengo umene mungalipire. Ena amaonetsa mtengo wotsika pa app nthawi ya check-in (yotsimikizira kuti mukwera ndegeyo). Funsaninso pa kauntala, kufunsa sikulipiritsa. Musanavomere, onani kuti mtengowo ndi wa gawo limodzi la ulendo kapena onse, ndiponso ngati lounge ndi katundu zikuphatikizidwamo, chifukwa si nthawi zonse.

6. Sankhani mpando weniweniwo

Ngakhale mu 1-2-1 mipando siyofanana. M'ndege zambiri inayalidwa mosinthanasinthana: mzere uwu mpando uli pafupi ndi windo, tebulo lili kunjira; mzere wotsatira mpando uli kunjira, tebulo lili kuwindo. Wa pafupi ndi windo ndi wobisika, ngolo ya chakudya sikugundani phewa. Tengani umenewo ngati muli nokha. Ngati muli awiri, ya pakati ina inagundizana ndipo ina inatalikirana, ndiye onani bwino pa mapu.

Anthu aatali ayang'anire kumapazi. Mabedi ambiri amathera m'kabowo kopapatiza pansi pa tebulo la munthu wa kutsogolo, ndipo wogonera chammbali amasowa potembenukira. Mzere woyamba, wa kukhoma, nthawi zambiri umakhala ndi malo otakasuka a mapazi. Vuto lake n'lakuti pamenepo ndi pamene amakolekapo timabedi ta makanda, komanso pamayandikana ndi kakhitchini kumene kumakhala kuwala ndi phokoso la ziwiya usiku wonse. Ine ndimasankha pakati pa chipindacho, kutali ndi khitchini ndi chimbudzi.

Mukasankha musagone tulo. Kampani imatha kusintha ndege, mpando wanu n'kusamutsidwa popanda kukuuzani. Onaninso mapu kutatsala sabata, ndiponso check-in ikangotsegulidwa. Mipando ina yabwino imene anaisunga imamasulidwa nthawi imeneyo.

7. Masiku awiri omalizira

Ngati mumafuna chakudya chapadera, chiitanitseni pasadakhale. Makampani ambiri amafuna kudziwa kutatsala maola 24 kapena 48. Ena amalola kusankhiratu chakudya chachikulu, monga Book the Cook ya Singapore Airlines, ndipo zimathandiza chifukwa amene akhala kumbuyo kawirikawiri amapeza chimene ankafuna chitatha. Matikiti ambiri a business amalola zikwama ziwiri za makilogalamu 32 chilichonse, ndipo chikwama chimodzi sichiloledwa kupitirira pamenepo. Power bank ndi mabatire apadera zimakhala m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi pa ndege. Mankhwala anu ndi zovala zosinthira tsiku limodzi zikhalenso m'manja.

8. Idyerani pansi

Ngati ulendo ndi wa usiku ndipo ndi wosapitirira maola 8 kapena 9, ntchito ya lounge ndi imodzi: kudya chakudya chamadzulo ndi kusamba, kuti m'ndege mukangogona. Chakudya cha m'ndege chimabwera pang'onopang'ono, choyamba, chachikulu, chotsekemera, ndipo chimatha kudya maola awiri a tulo lanu. Bafa lembetsani mukangolowa, chifukwa madzulo pamakhala mzere. Ndipo muziyang'ana nthawi nokha. Ma lounge ambiri saitana anthu nthawi yokwera ndege ikakwana, ndipo pa mabwalo aakulu ngati Dubai, Doha kapena Heathrow geti yokwerera ndege ikhoza kukhala patali, mwinanso yokwerera kasitima.

9. Ola loyamba m'ndege

Mukangokhala, yesani mabatani a mpando, sikirini ndi potchajira ndege isananyamuke. Chikakhala chowonongeka, nthawi yokusinthirani mpando ndi imeneyo. Kenako auzeni ogwira ntchito m'ndege dongosolo lanu mwaulemu ndi momveka: "Chonde, ine sindidya, ndigona tikangonyamuka. Musandidzutse pa chakudya cham'mawa." Kapena muwauze nthawi yoti akudzutseni. Amakonda munthu wonena zimene akufuna kuposa woti azimulotera. Ku makampani amene amalola kudya nthawi imene wafuna, monga Qatar Airways, gonani kaye, mudye mukadzuka.

Sinthani zovala msanga, mzere wa kuchimbudzi usanayambe. Zovala zomasuka za thonje zimakugonetsani bwino, ndipo zimene mukatsike nazo sizikwinyika.

Mowa ndi umene umagwetsa ambiri. Shampeni musananyamuke, vinyo pa chakudya, kena kotsitsira pambuyo, zonse zaulere. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mowa umagonetsa msanga koma tulo lake ndi loduladula, ndipo mumpweya wouma wa m'ndege mumadzuka pakhosi pali gwa. Tambula imodzi yakwana, madzi azikhala pafupi. Mapiritsi ogonetsa musawayesere koyamba m'ndege, musawasakanize ndi mowa, ndipo yambani mwalankhula ndi dokotala.

Mukamagona, mangani lamba pamwamba pa bulangeti kuti aoneke. Mukatero sakudzutsani ndege ikayamba kugwedezeka. Si mwambo chabe. Mu Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochoka ku London inakumana ndi mphepo yoopsa mwadzidzidzi, munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, ndipo inakatera ku Bangkok. Munthu wogona pabedi wopanda lamba amaponyedwa kudenga mofanana ndi wina aliyense. Chinanso: foni ikagwera m'mphako za mpando, musausunthe. Makina ake akhoza kuphwanya batire n'kuyambitsa moto. Itanani ogwira ntchito.

Pa ulendo wa maola 14 kapena kuposa, musagone mwachisawawa. Ikani wotchi pa nthawi ya kumene mukupita, ndipo tulo lalikulu muligone pamene kumeneko kuli usiku. Nthawi yotsalayo dzukani, yendaniyendani. Kukhala malo amodzi maola oposa 4 kumawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo bedi silichotseratu vutoli.

10. Zikasokonekera

Tsiku lina ndinafika pa geti n'kuuzidwa kuti ndege yasinthidwa, yabwera yaing'ono, ndipo mpando wanga uli ku economy. Ananditambasulira kapepala kogulira tikiti ina m'tsogolo, ndipo ndinangotsala pang'ono kusaina. Musamafulumire. Lamulo la European Union la nambala 261 la mu 2004 limati munthu akatsitsidwa kalasi pa ulendo woposa makilomita 3,500, abwezeredwe 75 peresenti ya mtengo wa gawo limenelo pasanathe masiku 7. Limagwira ntchito pa ndege iliyonse yonyamuka m'mayiko a EU, komanso yopita kumeneko ngati kampaniyo ndi ya ku EU. Dziko la UK lili ndi lamulo lofanana nalo. Lamulo lomweli limapereka mayuro 600 mukafika mochedwa ndi maola oposa 4 pa ulendo wautali chotero, kupatula ngati chochedwetsacho sichinali m'manja mwa kampani, monga nyengo yoipa. Kumene lamuloli silifika, funsani ngati angakuikeni pa ndege ina imene muli malo mu business, ngakhale ya mawa lake. Pemphani kalata yosonyeza kuti mwatsitsidwa kalasi, ndipo sungani boarding pass (kapepala kokwerera ndege) yakale ndi yatsopano.

Chikwama chikapanda kutuluka, lembetsani lipoti musanatuluke pabwalo la ndege. Pangano la Montreal la mu 1999 limapereka masiku 7 odandaula za katundu wowonongeka ndi masiku 21 za wochedwa, kuwerengera kuyambira tsiku limene mwamulandira.

11. Mukatera

Thupi limazolowera nthawi yatsopano pang'onopang'ono, pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ndipo kupita chakum'mawa kumavuta kuposa kumadzulo chifukwa mukulikakamiza kugona lisanatope. Mukafika m'mawa, sambani, tulukani panja kuwala kukuombeni, ndipo ngati tulo lakupanikizani gonani kwa mphindi 30 zokha. Pa mabwalo ena, monga Heathrow, pali ma lounge a ofika kumene kumene mungasambe ndi kudya musanalowe mumzinda; onani ngati tikiti yanu ikukulolani.

Boarding pass musaitaye mpaka mapointi atalowa. Pa ndege za makampani ogwirizana amatha kuchedwa masabata angapo kapena osalowa n'komwe, ndipo pokawalondola amafuna nambala ya tikiti ndi boarding pass imeneyo. Akalowa, yerekezerani ndi chilembo cha tikiti yanu, chifukwa ngati anakusamutsirani pa ndege ina panjira, kompyuta nthawi zina imawerengera chilembo cha economy.